Chishalo cha a Tadeyo

Sellina anaika chishalo chatsopanocho pamsana pa Tam, ndipo kavaloyo anagoneka makutu kumbuyo. Anayesa kulowetsa zala pansi pa mutu wa chishalo, pomwe pamayenera kulowa zala zitatu. Sipanalowe ngakhale chimodzi. Chishalocho chinali chotambalala kwambiri, moti chinatsika n'kukhala pafupa penipeni, pamwamba pa mapewa a kavalo.

"Mayo ine," anatero motsitsa mawu.

Linali Lachisanu masana, kukhola la akavalo la mayi Doreen, kunja pang'ono kwa Glasgow. Tam anali wa mayiwa. Sellina ankawasesera makola chiyambire ali ndi zaka khumi ndi zinayi, malipiro ake n'kukwera kavaloyo. Tsopano anali atalembetsa koyamba mpikisano wozungulira migolo: migolo itatu m'bwalo, kavalo aizungulire ali paliwiro lonse, wofulumira ndiye wapambana. Mpikisanowo unali mawa lake. Chishalo chakale chinali chitathyoka thabwa lam'kati, ndipo mayi Doreen anali ku Aberdeen kodwazika mchemwali wawo. Ponyamuka anangosiya mawu amodzi: "Msana wa Tam uli m'manja mwako."

Chikanakhala chishalo chogula yekha, bwenzi atachiponya m'galimoto n'kukachibweza. Koma ichi anagula ndi bambo ake, a Tadeyo.

A Tadeyo amenewa, mkulu wa mpingo ku Gorbals, anakhala zaka zisanu akunyoza za akavalozo. "Tinabwera kuno kudzaphunzira, osati kudzanunkha ndowe," ankatero. Sanapondeko kukhola ngakhale tsiku limodzi. Ndiye Lamulungu lapitalo, anthu ali m'kati mwa zolengeza, anangoona mkuluyu akulowa ndi chikatoni chachikulu. Anaitana mwana wawo kutsogolo, natulutsa chishalo chonyezimira, chamaluwa ogoba pachikopa. Anali atakwera sitima okha mpaka ku Perth, osauza munthu. Abusa anasanjika manja pachishalocho, amayi a mumpingo analulutira, Sellina analira ndi chimwemwe chenicheni.

Potuluka m'tchalitchi m'pomwe bamboyo anaulula nzeru zawo. "Ndinawauza kuti andipatse chachikulu pa zonse. Kavaloyo akuliramo."

Ha, a Tadeyo! Umu ndi momwe ankagulira nsapato ndi yunifomu, manja a juzi mpaka kubisa zala. Koma Tam anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chimene chinkakulabe pa iye ndi mchira wokha.

Madzulo a Lachisanulo, kunyumba kwawo ku Sighthill, Sellina anapeza bambo ake akusita suti. Anaima pakhomo.

"Adadi, chishalo chija..."

"Chokongola eti? A Rowland a kumpingo aja akuti sanaonepo chotero."

"Chokongola ndithu. Kungoti chikuoneka ngati chakulako pang'ono."

"Ndiye vuto lili pati? Pinda bulangeti uike pansi. Anthu amasenza mtsuko popanda nkhata?" Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi bulangeti lawo lomwe, lija anachoka nalo ku Mchinji. "Basi ya mpingo inyamuka eyiti koloko. Anthu makumi awiri, mayi. Akaone mwana wanga."

Chimwalirire amayi ake, Sellina anali asanaonepo nkhope ya bambo ake ikuwala chotero. Analandira bulangetilo ndi manja awiri nati, "Zikomo, adadi."

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Mpikisano unali pafamu ina kumwera kwa mzinda, magalimoto onyamula akavalo atandanda m'matope. A mpingo anafika ndi maambulera ndi mafulasiki a tiyi, nakhala kumpanda n'kuyamba nyimbo. Azungu ankacheuka, ena akumwetulira. Sellina anali nambala khumi ndi zinayi.

Anapinda bulangeti kanayi, anaika chishalo, anamanga lamba wapamimba mpaka manja kuwawa. Mwina zitheka, anadziuza. Ndi masekondi osakwana makumi awiri okha, kavalo angafe ndi zimenezo? Anakwera n'kupita kuseri kwa magalimoto kukamutenthetsa thupi. Tam, amene masiku onse ankachita kumugwira kuti asauluke, ankayenda ngati waponda minga, mchira uli pikupiku. Atamukhotetsa mwamphamvu monga zimakhalira pamgolo, chishalo chinapendekera kumanzere. Sellina anagwira chenjerere cha pakhosi, apo ayi akanadya matope.

Anatsika, namasula zonse. Msana wa Tam unali thukuta lokhalokha, kupatula malo awiri pamapewa, ouma, aakulu ngati chikhatho. Apo ndi pomwe chishalo chinakanikiza mpaka thukuta kulephera kutuluka. Pena panali patayamba kutupa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wolengeza anaitana nambala yachisanu ndi chinayi.

"Iwe, bwanji wachotsa?" A Tadeyo anali atafika kumbuyo kwake, ambulera ili m'manja, tayi ili nga. "Nthawi yatha. Anthu akudikira uko."

Sellina anayang'ana msana wa Tam. Anaopa. Anaopa kuti akanena, bamboyu abwerera ku zakale, ku zonunkha ndowe zija, ndipo sadzapondanso kuno. Anaopanso kuti akamuuza kuti akwere, akweradi, chifukwa chibadwire anali asanawakanirepo pamaso. Ndiye anachita chinthu chimene sanachitepo chikulire: anagwira dzanja la bambo ake, nalikokera pamsana pa kavalo, naliika pamalo otupa paja.

Tam anadzidzimuka, anabweza msana pansi, napumira m'mwamba.

A Tadeyo sanachotse dzanja msanga. Anakula akuyendetsa ngolo, ndipo khosi la ng'ombe yodyedwa ndi goli ankalidziwa popanda wowauza. Anasisita pang'onopang'ono m'mbali mwa chotupacho.

"Unadziwa liti?"

"Dzulo, adadi."

"Osanena bwanji?"

"Ndikananena bwanji, abusa atachipempherera? Inu mutavutika mpaka ku Perth?" Misozi inayamba. "Chikumupweteka. Ndikathamanga nacho, mwina ndigwa ine, mwina msana wake uwonongekeratu."

Bamboyo anatembenuka n'kuyang'ana kumpanda, komwe anthu awo makumi awiri ankaimba akugwedeza maambulera. Nambala khumi inalowa m'bwalo. Sellina anadikira mawu amene ankawaopa aja, akuti ungokwera kamodzi kokha, usandichititse manyazi.

"Safunsa anadya phula," anatero a Tadeyo, osayang'ana munthu. Anapinda ambulera. "Chokwana amachidziwa bwanji?"

Sellina anatola kawaya komwe kanali pagalimoto, anakapinda pamapewa a Tam mpaka kanatenga maonekedwe a msana wake. "Kakalowa bwino kunsi kwa chishalo, osatsala mpata, osapanikizika, ndiye kuti n'chomwecho."

A Tadeyo analanda kawayako n'kuuyatsa. Abale inu, mkulu wa mpingo, munthu wosapempha ngakhale mchere kwa anansi, anayamba kugogoda galimoto ndi galimoto, kawaya kali m'manja, chipewa atavula. Sellina ankawaona patali akuwerama pamaso pa azungu osawadziwa. Mayi wina anapukusa mutu. Mnyamata wina anawapatsa chishalo, anayesa, anabweza. Nambala khumi ndi ziwiri inatuluka. A Tadeyo anaterereka, bondo linafika pansi, anadzuka osadzisasa n'komwe, nazimirira kuseri kwa lole.

Khumi ndi zitatu.

Kenako dzina lake linamveka pachimkuzamawu. Kumpanda kunabuka nthungululu, ina pamwamba pa inzake. Sellina anaima chilili atagwira chingwe cha Tam. Chishalo chonyezimira chija chinali pomwepo paudzu, ndipo kumanga sikukanatenga mphindi imodzi. Wolengeza anaitananso kachiwiri. Nthungululu zinachepa. Kachitatu kunali zii, mvula yokha ikumveka pamadenga a magalimoto. Geti la bwalo linatsekedwa, wolengeza naitana nambala yotsatira.

Sellina anabisa nkhope m'khosi mwa Tam nalira ngati mwana. Zaka zisanu akusesa ndowe, tsiku lake n'kutha chonchi.

A Tadeyo anatulukira akuthamanga, atasenza pamutu chishalo chakuda, chakale, chosokedwasokedwa ndi ulusi wosiyana mitundu. Suti yonse inali matope. Anafika ali wefuwefu.

"Mdala wina uko wandibwereka. Kawaya kalowa ndendende."

"Aitana kale, adadi."

"Ndamva. Makutu ndili nawo. Taika tione."

Anachiika mosamala, osamanga lamba. Chinakhala pamsanapo ngati chinabadwira pomwepo. Tam sanagwedeze khutu. Sellina anati alowetse zala, koma bambo ake anamutsogolera. Analowetsa zawo, zikuluzikulu zija, pansi pa mutu wa chishalo.

"Zitatu," anatero. "Zalowa."

"Koma lero sangakwereke. Chotupacho chiyambe chaphwa."

"Sindinati ukwere." Anapukuta dzanja pathalauza. "Mdalayo akuti ali ndi kavalo wonenepa wosowa chishalo. Tikakambirana zosinthana. Nanga mpikisano wina uliko liti?"

"Mwezi wamawa, ku Lanark."

"Undilembere tsiku. Ndikapemphe ofu kuntchito."

Kumpanda anthu anali ataima m'timagulu, akuyang'ana kuno. A Rowland anali atayamba kale kubwera, manja ali m'mwamba kufunsa. Sellina anapukuta misozi nati apite akawafotokozere, koma bambo ake anamugwira paphewa.

"Khala ndi kavalo wako. Ndinachilowetsa m'tchalitchi ndekha, ndikanena ndekha."

Anatola chishalo chawo chamaluwa chija, anachikolekera pamkono, nayamba ulendo wa kumpanda pang'onopang'ono, nsapato za Lamulungu zikutitimira m'matope.