Mphasa Zisanu ndi Imodzi

"Ine ndayeza chilengedwe chonse, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe. Ndiye kachipinda kandivute?"

Anatero alamu anga a Shigeharu, timitengo todyera tili m'mwamba ngati akulozera ana pabolodi. Anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ku Kyoto kuno, ndipo atapuma ntchito anayamba kulemba buku lotsimikiza kuti thambo n'lotalika mofanana mbali zonse zitatu: upite kutsogolo, cham'mbali kapena kumwamba, mtunda ndi womwewo. Ndinkawafunsa kuti tepi yoyezerayo anawagwirira ndani kumapeto kwinako. Ankati munthu wothawa sukulu ngati ine azingoyendetsa lole yake.

Tsikulo nkhani inali yosamukira ku Tokyo, kufupi ndi mwana wawo. Akazi awo, achemwali anga a Tomie, sankafuna n'komwe. Anangovomera atalonjezedwa kuti choombera nsalu chawo chipita nawo, chamatabwa chija anatisiyira amayi, chomwe chinkadzaza chipinda chonse cha mphasa zisanu ndi imodzi, pajatu kuno chipinda timachiyeza powerenga mphasa za tatami zoyala pansi. Anapempha kuti munthu apite kaye akayeze nyumba yatsopanoyo. Alamu anagogoda pepala ndi chala: chipinda cha kumeneko chalembedwanso mphasa zisanu ndi imodzi, ndipo nambala sinama.

Ine ndasamutsa anthu moyo wanga wonse. Ndinkadziwa bwino kuti tatami wa ku Tokyo ndi wamng'ono kuposa wathu, wa m'nyumba zosanjikizana ndiye wochepetsetsa. Mawu anafika pakamwa, ndinawameza ndi mowa wampunga. Ndinkafuna kudzaona nkhope ya aphunzitsi ikugwa, kamodzi kokha. Ndinkaona ngati kudzakhala kuseka kwa tsiku limodzi. Za achemwali sindinaganizeko, ndipo sabata yotsatira nyumba yakale inagulitsidwa.

Choomberacho ndinachimasula ndekha. Achemwali anakulunga thabwa lililonse m'nsalu zakale, n'kukana sitima, ati akwera lole yomweyo. Njira yonse ankandiuza za lamba wa kimono, chovala chathu chamakolo, amene akufuna kuombera mdzukulu wawo, mtundu wa ulusi, maluwa ake. Ine ndinkangoti eya, maso pamsewu. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa, n'kungofunsa ngati amva njala.

Ku Tokyo tinakweza matabwa mpaka nsanjika yachisanu. Alamu anavula jekete, n'kugwira kutsogolo kwa mtanda waukulu wapansi, ine kumbuyo.

"Lowetsanitu, aphunzitsi."

"Ndafika kukhoma."

"Kankhaninso."

"Ndati ndafika, Genzo."

Mtandawo unali utagunda khoma, koma mbali yomwe ndinagwira ine inali ikadali kunja kwa chitseko, yotalika ngati mkono. Achemwali anaima m'khonde atakumbatira mpukutu wa ulusi wofiira, ndipo amene ankamuyang'ana sanali mwamuna wawo ayi. Ankayang'ana ine.