Tsitsi Losaopa Mafuta

Tsitsi linayamba kugwa nyimbo isanafike ndi pakati pomwe.

Nunia anaziona ndi maso ake, ataima pakhomo la holo ya tchalitchi ku Kolonga, mudzi wawo wa pachilumba, mwana wake Naise ali m'chiuno. Linali Lolemba masana, tsiku loyeserera. Ukwati wa Kelepi unali Loweruka, ndipo mlongo wake Lesieli ndiye ankayenera kuvinira banja tau'olunga, gule amene namwali amavina yekha pakati pa anthu. Azimayi anali atamuveka zonse kuti aone ngati zikukhala bwino, atamudzozanso mafuta a kokonati kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, moti ankang'anima ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Atangogwedeza mutu kamodzi, kugwedeza kwachangu kumene guleyo amafuna, kagawo ka tsitsi kanatsetsereka paphewa n'kugwera pamkeka. Kenaka kena. Kenaka tiwiri pamodzi.

"Mayo ine!" anakuwa a Akosita, oimbitsa nyimbo. "Nkhuku ikuthothoka nthenga madzi tisanatereke n'komwe!"

Holo yonse inafa ndi phwete. Lesieli anaima, anagwira kunkhongo, n'kuthawira kuseri kwa thanki ya madzi.

Nunia anakatola tsitsilo pamkeka, chifukwa inali ntchito ya manja ake. Tsitsi lenileni la Lesieli, limene linkafika m'chiuno, linapita miyezi khumi yapitayo pa maliro a bambo ake. Azakhali ake, a Fololina, ndiwo analidula monga mwambo umafunira. Koma analidula akulira mlongo wawo, sizasi n'kudutsa pafupi ndi makutu penipeni. Tsopano linali litamera kufika m'nsagwada: lalifupi kulimanga, losaoneka bwino kulimasula.

Nunia sanali wa saluni za m'tauni ayi. Sukulu analekezera Fomu 3 mimba itaonekera, mwamuna wake anali ku Australia kothyola malalanje, ndipo za tsitsi anaphunzira pafoni ndi pamitu ya anzake, pakhonde la apongozi ake. Tsitsi limene anamumata Lesieli linachokera kunja, ku Auckland, kwa msuweni wake, la mtundu womata ndi timatepi. Pakatoni analemba kuti limakhala masabata asanu ndi limodzi. Koma amene analembayo sanavinepo tau'olunga. Nunia anafikisa katepi kamodzi ndi zala. Guluu yense anali atasanduka phala. Mafuta anali atakwera kuchokera m'khosi n'kumusungunula.

Anamupeza Lesieli atakhala pa chidebe chovundikira, akudzipukuta mikono ndi udzu.

"Sindivina," anatero Lesieli asanafunsidwe.

"Lero ndi Lolemba, mng'ono wanga. Ukwati ndi Loweruka."

"Ndati sindivina. Apeze wina."

"Wina uti? Kelepi ali ndi alongo angati? Za a Akosita zisiye, pakamwa pawo palibe chitseko. Anaseka ngakhale abusa atagwa panjinga."

"Si za kusekako." Lesieli anakoka timichira ta tsitsi lake lalifupilo. "Ndikadziona pagalasi chonchi, ndimaona maliro, Nunia. Aliyense amene adzandione adzakumbukira tsiku lija. Ndikabweretse maliro pa ukwati wa Kelepi?"

Nunia anamusamutsira Naise ku chiuno china.

"Ndipatse mpaka Lachinayi," anatero. "Likadzagwanso, ndikawauza ndekha azakhali ako kuti wolakwa ndine."

M'mawa mwake anapita kukagolosale ka a Fololina. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu, woimbira mpira wamanja wa atsikana, amene akaimba wenzulo ngakhale nkhumba za m'mudzi zinkaima. Pa ana a mlongo wawo mawu awo sankabwezedwa. Nunia anawapeza kuseri kwa kauntala akuluka kafa, chingwe chomangira kamkeka kamene anthu akumeneko amavala m'chiuno, nsonga yake ataikola ku chala chachikulu cha kuphazi. Chingwecho chinali chakuda bii, chowala. Linali tsitsi la Lesieli.

"Wabwera kudzagula, kapena kudzandiuza za nthenga za nkhuku?" anatero osadzutsa mutu.

"Ndabwera ndi pempho, azakhali. Loweruka asadzamudzoze mafuta m'khosi ndi m'mapewa. Mikono ndi miyendo yokha."

"Iwe mwana iwe. Mwana wa mlongo wanga akavine wouma ngati chinangwa chotsala dzulo? Ndalama zimene anthu adzamufupe zidzamatirira pati? Nanga a kwa mkwatibwi adzanena chiyani? Kuti mafuta anatithera?"

"Ndiye mum'bwezere tsitsi lake lomwelo. Mwina lake lingagwirane bwino ndi..."

"Limeneli anapereka kwa bambo ake. Chimene wapereka pamaliro sichibwerera pamutu." Anakoka chingwe mwamphamvu. "Pali china?"

Panalibe china. Koma Nunia sanachoke, chifukwa maso ake anali atakodwa m'zala za mayiyo. Chingwe chinali chitatalika kuposa mikono iwiri yotambasula, pamene tsitsi la Lesieli silinali lalitali choncho. Ndiye kuti penapake analumikiza. Ndipo pambali pawo panali kambale ka mafuta a kokonati, mmene ankaviikamo zala kawirikawiri.

"Mukupaka mafuta dala?"

"Nanga ndiluke louma kuti liziduka?"

"Ndiye mfundo zake sizikupululuka?"

"Mfundo ndi za aulesi. Ifufuze, ukaipeza ndikupatsa chitini cha nyama."

Nunia anayendetsa chala pachingwe chonse. Panalibe mfundo. Anachikulunga m'manja n'kukoka mpaka zala zinachita dzanzi. Sichinasunthe.

"Ndionetseni, azakhali."

"Ndili ndi makasitomala."

"Kulibe munthu panja. Ndionetseni kamodzi kokha."

A Fololina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anatenga kamtolo katsopano ka tsitsi. Sanakayike ndi nsonga ayi. Anakapinda pakati, anakakoleka pa mwendo umodzi wa cholukacho, ndipo mbali zake ziwiri anazigawa, ina kulowa mwendo uwu, ina mwendo uwo. Analuka katatu, ndipo kamtolo kaja kanasowa, kanasanduka chingwe.

"Chikamakokedwa chimadziluma chokha," anatero. "Tsopano choka, wanditchingira mphepo."

Nunia sanafune kuyesanso zinthu pamutu pa mwana wamasiye. Masana omwewo anakhala pagalasi n'kugawa mutu wake womwe. Kumanzere anamata timatepi tatsopano, poganiza kuti mwina tija tinali takale. Kumanja anasokerera ndi ulusi wanailoni monga amachitira a pafoni. Kunkhongo, kumene sankaona n'komwe, analuka mwa kafa, akungodalira zala. Atatha anadzithira mafuta theka la botolo.

"Wapenga?" anafunsa apongozi ake atamuona. "Mwana wanga akaimba foni ndimuuze kuti chiyani?"

"Muwauze kuti ndili kuntchito, amayi."

Ndipo anagwiradi ntchito. Timatepi tinagwera m'beseni akuchapa matewera, dzuwa lisanapendeke. Lachitatu m'mawa anakakumba chinangwa, thukuta lili kamukamu, kenaka anakalowa m'nyanja ndi zovala zomwe. Potuluka, ulusi wanailoni unali utamasuka, tsitsi likulendewera pakhutu ngati ndele. La kunkhongo linali pomwepo. Anamubereka Naise kumbuyo dala, chifukwa mwanayo akagwira tsitsi sasiya ngakhale umupatse nthochi. Naise anakoka mpaka mayi ake anatulutsa misozi. Silinachoke.

Koma mutu unkawawa ngati wamenyedwa ndi chibonga. Atamasula kaluko kamodzi, anapeza tsitsi lake lenileni litazuka ndi mizu, timatsitsi tisanu kapena tisanu n'kamodzi. Apa Nunia anakhala pansi n'kuganiza. Chingwe chilibe khungu, sichimva kuwawa, koma mutu wa munthu umamva. Mitolo yake inali yaikulu kwambiri, yolemera, ndipo anayambira pakhungu penipeni. Anayesanso ndi timitolo tating'ono ngati kamtengo ka machesi, akusiya mpata wa chikhadabo kuchokera pakhungu. Kupweteka kunatha. Vuto linatsala kumapeto kwa kaluko, kumene tsitsi limayenera kumasuka kuti ligwe ngati lachibadwa. Pamenepo mafuta ankalimasula pang'onopang'ono. Nailoni anali atamukana kale. Anatsegula kachitini ka apongozi ake ka singano n'kutenga ulusi wathonje wosokera mabatani. Atauviika m'mafuta unafufuma, n'kugwira zolimba kuposa uli wouma.

Lachinayi m'mawa anapita yekha kukamutenga Lesieli.

"Koka," anatero, akumupatsa nkhongo.

"Ndikupweteka."

"Naise wandipweteka kale. Koka ngati ukuzula chilazi."

Lesieli anakoka, kenaka anakokanso ndi manja awiri. Anangolowa m'nyumba kukatenga patapata.

Ntchito yake inali yaitali. Timitolo tinali tambirimbiri, ndipo pofika masana anali asanafike ndi theka lomwe. Zala za Nunia zinayamba kukana. Pamenepo a Fololina anatulukira pachipata, makiyi a golosale akulira m'manja.

"Ndatseka chifukwa kulibe makasitomala," anatero, ngakhale panalibe amene anawafunsa. Anaweramira pamutu pa Lesieli. "Apa wapotoza. Sendera uko."

Anakhala pampando wa Nunia. Zala zawo zinkathamanga kawiri kuposa zake, koma zinkakoka ngati zikumanga mbuzi.

"Pang'onopang'ono, azakhali," anatero Nunia. "Umenewo ndi mutu, si chala chanu cha kuphazi. Siyani kampata."

"Ukundiphunzitsa ine?"

"Eya. Dzulo munandiphunzitsa inu."

"Linali dzana," anatero a Fololina, koma kampata anasiya.

Analuka awiriwo mbali ndi mbali, Lesieli ali pakati pa mawondo awo. Patapita nthawi a Fololina anafika pamwamba pa khutu, pamene tsitsi linali lalifupi kuposa pena paliponse. Zala zawo zinaima.

"Ndinadula m'mwamba kwambiri tsiku lija," anatero motsitsa mawu. "Sindinkaona bwino."

Lesieli sanatembenuke. Mapewa ake okha ndiwo anayamba kugwedezeka.

"Usagwedeze mutu, iwe," anatero azakhali ake, akupukuta mphuno paphewa. "Ukulira chiyani? Ndi Nunia akukukoka, si ine."

Anamaliza dzuwa litapendeka. Nunia anadula nsonga kuti zilingane, n'kupesa tsitsi la pamwamba kuti libise maluko. A Fololina sanadikire kupemphedwa: anatenga botolo la mafuta n'kumudzoza Lesieli m'khosi ndi m'mapewa mopanda chisoni, mpaka mafuta ankadontha m'zigongono.

"Gwedeza."

Lesieli anagwedeza mutu. Tsitsi linauluka n'kubwerera pamsana.

"Kumeneko n'kugwedeza? Ngati ukukana mankhwala? Gwedeza ngati mwana wa mlongo wanga!"

Anagwedezanso, kakhumi, mpaka anachita chizungulire n'kugwira mzati. Pansi panalibe kanthu. Anatenga galasi n'kudziyang'ana nthawi yaitali, akutembenuka uku ndi uku.

"Silili ngati langa," anatero.

"Ayi," anatero Nunia. "Lako linali labwino kuposa ili. Koma ili ligwira."

Loweruka anthu anadzaza bwalo la tchalitchi, nkhumba zowotcha zitandandalikidwa pamatebulo. Nyimbo itayamba, Lesieli anatulukira pang'onopang'ono, mawondo atapindika, akumwetulira ngati sakudziwa kuti pali anthu. Azimayi anaimirira n'kuyamba kumumata ndalama m'mapewa ndi m'mikono, ena akukhudza ndi tsitsi lomwe. Kelepi pa tebulo la akwati ankalira poyera osabisa.

Zonsezi Nunia anachita kuuzidwa pambuyo pake. Iye anali atazungulira kuseri kwa oimba, pamene ankaona nkhongo ya Lesieli bwinobwino, ndipo maso ake sanachoke pamenepo. Manja a Lesieli sanawaone, mapazi sanawaone. Mtsikanayo akagwedeza mutu, Nunia ankasiya kupuma. Nyimbo inatha, anthu anakuwa, ndipo pamkeka panali maluwa ndi ndalama zokhazokha.

Lesieli anamupeza kuseri kwa tenti, akupuma mwawefuwefu, n'kumukumbatira mpaka diresi ya Nunia inanyowa ndi mafuta.

"Unandiona? Nunia, unandiona?"

"Tembenuka," anatero Nunia.

Anafufuza ndi zala mzere ndi mzere. Kuseri kwa khutu lamanzere kamtolo kamodzi kanali katatsetsereka pang'ono, ngati mulifupi mwa chala. Pamenepo anayenera kuluka kanayi, osati katatu. Anatulutsa ulusi m'kachikwama n'kuuduladula ndi mano.

"Likhala nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Lesieli.

"Sindikudziwa. Ndiwe woyamba. Uzibwera Lachitatu lililonse ndizidzaona, ndipo ukamva kuwawa pena pake usadikire Lachitatu."

Kubwalo kuja a kwa mkwatibwi anali atayamba kuomba m'manja, akuitana dzina la Lesieli kuti abwerezenso.

"Akundiitana! Fulumira!"

"Adikire. Khala chete mutuwo."

Anamanga, anakoka kuti aone, n'kumukankha pamsana ndi chigongono. Lesieli anathamangira kubwalo atanyamula mkeka wa m'chiuno ndi manja awiri, ndipo Nunia anapita kukafuna sopo.