Zilembo za m'khoma

Bonface anapeza khoma la pabalaza litayera mbee, mkazi wake Edna akusamba phala la chinangwa m'manja.

"Mapepala a m'sutikesi mwanu aja ndamatira khoma," anatero Edna monyadira. "Ndawatembenuza kuti koyera kuyang'ane kuno. Si mwakongola?"

Bonface anatseka chitseko msanga. Edna sankadziwa kuwerenga.

Bonface anali mlonda pa esiteti ya tiyi. Chaka chimenecho cha 1992, pamitengo ya bulugama pankapezeka mapepala odzudzula boma, ndipo iye anauzidwa kuti aziwakanganula n'kuwatentha. Sanatenthe ndi limodzi lomwe. Kalembedwe kake kanali ka mng'ono wake Morris, amene achipani anamutenga pa Nkando zaka zitatu m'mbuyomo, abale mpaka kumulira maliro opanda mtembo. Kumatula mapepalawo kukanawang'amba, choncho Bonface anangowasiya pakhomapo.

Kenako kunagwa chiperoni. Khoma linayamwa chinyontho, inki n'kuyamba kutulukira. Zilembo zinkaoneka zotembenuka, tsiku lililonse zikuderaderabe, ngati wina akulemba ali m'kati mwa khomalo.

Tsiku lachitatu masana, a Pilato, tcheyamani wa chipani m'deralo, analowa kudzausa mvula. Anakhala moyang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Mayi, nyumba mwaikongoletsa kuposa ya manijala," anatero. "Tandibwerekani kalilole."

Edna anathamangira kuchipinda. A Pilato anafulatira khoma, nakweza kaliloleyo, nawerenga chapansipansi: "Abale athu ali kuti?"

Edna anagwira pakamwa.

"Morris ndinkakhala naye benchi imodzi kusukulu," anatero a Pilato, osacheuka. "Dzanja ili ndikulidziwa. Ndiye kuti ali moyo?"

Madzi ankangodontha padenga.

"Mapanga awiri avumbwitsa, a Bonface. Mawa ndikubwera ndi alendo ochokera ku boma, tikuyendera nyumba zonse za pa esiteti. Khoma lanuli likudwala. Lichiritseni lero."

Anatuluka mvula isanakate.

"Ndiwakanganule?" anafunsa Edna.

"Musakhudze."

Bonface anakatenga laimu kwa kapitawo, napaka pamwamba pa mapepalawo katatu konse. Alendo aja anayamikira ukhondo wa nyumbayo n'kupita.

Kuyambira pamenepo, chiperoni chikagwa, Edna ankalandirira alendo pakhonde. Bonface ankatseka chitseko, n'kukhala pabalaza yekha, akudikira kuti zilembo za Morris zionekenso.