Khomo Limodzi, Mwana Mmodzi

Sukulu ya mkaka ija inali pafupi kwambiri ndi nyumba ya Make Kafupi, moti akamayanika zovala ankamva mphunzitsi akukalipira ana kuti asakankhane pampopi. Malo pasukulupo ankakhala makumi atatu okha pachaka. Kale amayi ankalawirira pageti kukadali chisisira, koma mwana wa amene wapititsa nkhuku kwa aphunzitsi aakulu ankalowa make asanaime n'komwe pamzere. Chaka chino akuluakulu anati zimenezo zithe. Aliyense alembetse pafoni, makina ndiwo asankhe. Makina alibe msuweni, sadya nkhuku. Oyamba kutengedwa ndi okhala pafupi, ndipo khomo limodzi, mwana mmodzi.

Make Kafupi atamva izi anaseka yekha. Pafupi kuposa iye panalibe, kupatula mlonda wa pasukulupo.

Malowo ankawafunitsitsa. Anali atapeza ntchito yosita zovala kuhotela, yoyamba tsiku lomwe sukulu imatsegulira. Kapitawo wa kochapirako anamuuza mosazungulira: "Mwana kumbuyo ayi, mayi. Muno muli nthunzi ndi masimbi otentha. Ndipo mukajomba masiku awiri, ofuna ntchito ali mbwee panjapo."

Vuto linali foni. Yake inali ya mabatani, yomangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Fomu inkafuna foni yamakono, ndipo wolembetsa ankayenera kuima pakhomo pake penipeni kuti foniyo iike kadontho kofiira pamapu. Mwamuna wake, wometa tsitsi, anali nayo yoteroyo, koma tsiku lililonse ankati mawa.

Ndiye Loweruka lina kunatulukira mlamu wake, mchemwali wamkulu wa mwamunayo, wogulitsa mawigi, amene amakhala kutsidya kwa njanji. Anabwera osaitanidwa, thukuta kamukamu.

"Alamu, mukuvutikiranji ine ndilipo? Mchimwene wangayo mukamudikira, Kafupi adzalowa sukulu ali ndi ndevu. Tabweretsani kalata yobadwira."

Make Kafupi anaitulutsa m'sutikesi. Mlamu anaima pakhonde, foni m'mwamba ngati akuitana mvula.

"Netiweki yanu kuno ndi yaulesi bwanji. Kandiikireni madzi a tiyi pamoto, izi zimafuna kudekha."

Pomwe ankabwera ndi makapu, zonse zinali zitatha. Mlamu anamuonetsa foni mothamanga: mapu, denga lawo, kadontho kofiira pamwamba pake.

"Yankho lidzafikira muno. Ndidzakuimbirani ndekha."

Tsiku limenelo Make Kafupi anamuthirira shuga masipuni atatu, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Patatha milungu itatu, mayankho anatuluka Lachisanu. Mayi wa kuseri kwa msika, amene nyumba yake sioneka n'komwe ukaima pageti la sukulu, anadutsa akuvina ndi foni m'manja. Make Kafupi anaimbira mlamu wake kanayi. Kachisanu anayankha.

"Sizinafike, alamu. Makina awa ndi a anthu, amachedwa. Ndili ndi kasitomala, tilankhulana."

Lolemba m'mawa anabereka Kafupi n'kupita yekha ku ofesi ya sukulu. Kalaliki anali mayi wa magalasi, wotopa kale ndi madandaulo. Sanadzutse mutu.

"Nambala ya nyumba?"

Anamuuza. Kalaliki anagogoda pakompyuta ndi zala ziwiri.

"Malo mwapeza, mayi. Mukudandaula chiyani?"

Make Kafupi anayamba kuthokoza.

"Mwana wamkazi, zaka zitatu ndi miyezi inayi," kalaliki anawerenga.

"Wanga ndi wamwamuna. Ndi uyu."

Kalaliki anayang'ana Kafupi, amene ankayamwa chala kumbuyoko, kenaka anatembenuza kompyuta. Denga linali lawo. Kadontho kanali komwe kaja. Koma chithunzi chinali cha Shuga, mwana wa mlamu wake, atamangidwa maliboni awiri, akumwetulira mano onse panja.

"Nanga wanga?"

"Mulibe muno. Khomo ili linalembetsa mwana mmodzi."

"Uyu ndi wa mlamu wanga. Amakhala kutsidya kwa njanji. Anangoima pakhonde panga ine ndikuwiritsa madzi."

Kalaliki anavula magalasi. Tsopano anamuyang'ana bwinobwino.

"Mayi, kungoima pakhonde pa eni sikukwanira. Anthu akanatha kuzungulira makomo onse. Makina amatumiza nambala yachinsinsi kwa amene dzina lake lili pa mita ya madzi ya nyumbayo. Mwiniyo akapanda kuipereka, fomu sidutsa." Analoza ndi cholembera pansi pa chithunzi. "Inapita pafoni iyi, n'kubwezedwa pasanathe mphindi ziwiri. Mukuidziwa?"

Nambalayo Make Kafupi akanatha kuitchula ngakhale ali m'tulo. Ndi yomwe ankaimbira pofunsa mwamuna wake ngati abwera kudzadya.

"Mphindi ziwiri," anatero.

"Mukafuna, pali polembera dandaulo. Ndikangodina apa, mwanayu achotsedwa."

"Malowo apita kwa wanga?"

"Ayi. Apita kwa woyamba pa mndandanda wa odikira. Wanu sanalembetsedwe n'komwe, ndipo kulembetsa kunatsekedwa." Kalaliki anatsitsa mawu. "Ndikuuzeninso ichi musanasankhe. Khomo lopezeka ndi bodza amalitsekera chaka chotsatira. Makina sadziwa kuti wanama ndani. Amangodziwa nambala ya nyumba."

Make Kafupi anayang'ana cholembera chija chili pamwamba pa batani. Akadina, Shuga atuluka, Kafupi sangalowe chaka chino, chaka chamawanso ayi. Anamangitsa nsalu yoberekera.

"Zisiyeni," anatero. "Zikomo, achemwali."

Kometera kunali kasitomala mmodzi, mdala wa dazi amene amametetsa m'mbali mokha. Mwamuna wake atamuona pagalasi anazimitsa makina.

"Mwabwera ndi bwana wamng'ono? Kwagwanji?"

"Ndachokera kusukulu. Ndaona chithunzi cha mwana wanu. Maliboni amukhala."

Mdala uja anayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati nyuzipepala.

"Make Kafupi, tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kwa ndani? Makina akuti kumakhala Shuga."

Mwamunayo anapukuta manja pa thaulo, ngakhale anali ouma.

"Achemwali anati chaka chino Shuga, chaka chamawa Kafupi. Kwawoko kulibe sukulu yabwino. Wathuyu akadali wamng'ono."

"Amasiyana miyezi iwiri."

"Achemwali anandilera ine. Amayi atamwalira ndani anandisambitsa? Ndikanawakana bwanji?"

"Mukanandiuza."

"Ukanavomera?"

"Ayi."

"Eya. N'chifukwa chake."

Anazinena mofatsa, ngati wafotokoza chinthu chanzeru. Make Kafupi anamuyang'ana. Munthuyu kwa milungu itatu ankadya naye mbale imodzi, ankamuona akusita kayunifolomu kamene anasoketsa pasadakhale, ankamva Kafupi akuphunzitsidwa kunena kuti ndikufuna kupita kuchimbudzi, aphunzitsi. Sanatsamwe ngakhale kamodzi.

"Nanga ntchito yanga?"

"Ntchito zimabwera, zimapita. Chibale ndi fupa."

"Fupa lake mutafune nokha," anatero, n'kutuluka.

Masiku otsatirawo sanakangane. Ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa. Anayesa kupempha mayi wa nyumba yoyandikana kuti azimusungira mwana, koma uyo anali kale ndi mapasa. Anayesa sukulu ya munthu payekha ya kumtunda, anangomva mtengo n'kubwerera pageti. Mwamuna wake ataona bata anaganiza kuti mvula yakata. Anafika poimba mluzu posamba.

Tsiku lotsegulira sukulu Make Kafupi anadzuka m'mamawa. Anasambitsa mwana, n'kumuveka kayunifolomu kaja, poti kanali kosokedwa kale. M'kachikwama anaikamo kabudula wosinthira, botolo la madzi, buledi ndi nthochi ziwiri. Iye anavala bulauzi yoyera ya kuntchito.

Pageti la sukulu panali piringupiringu. Mphunzitsi anaima ndi foni yaikulu, mwana aliyense akamalowa amadina pa chithunzi chake. Kafupi anakoka dzanja la make kulowera komweko. Make anamukokera kumsewu.

"Alamu." Anali mlamu uja, wigi yatsopano kumutu, Shuga kudzanja. Manyazi analibe ngakhale a mphaka. "Musakwiye, zinthu izi ndi zapachibale. Ndimati poti inu muli pafupi, akamaweruka masana muzingomutengako. Ine ndizidzamutenga madzulo ndikatseka."

"Amene anakupatsani nambala ndi amene azimutenga. Foni yake muli nayo."

Sanaime kuti amve yankho.

Kometera anapeza mwamuna wake akusesa tsitsi la dzulo, anthu awiri atakhala kale pabenchi. Make Kafupi ananyamula mwana n'kumukhazika pampando wometera, kachikwama n'kukapachika pa msomali wa mathaulo.

"Amadya teni koloko. Akayamba kugwira kabudula musadikire kuti anene. Malezala muike pamwamba, amatola chilichonse. Makinawo amawaopa, akalira muzimitse. Masana mukatenge Shuga pageti, achemwali anu akudalira inu."

Mwamunayo anaima ndi tsache m'manja.

"Iwe, ndimeta bwanji ndi mwana?"

"Mmene ndikanasitira ine."

"Mpaka liti?"

"Munanena nokha. Chaka chamawa."

Mmodzi wa a pabenchi anatsokomola kuti abise kuseka. Mnzake sanabise. "Aphunzitsi," anatero, "ife timetedwa nthawi yopuma?"

Kafupi anayamba kulira make atafika pakhomo. Kulirako kunamutsatira mpaka pokwerera basi. Sanacheuke.

Kochapira zovala anafika kutatsala mphindi khumi. Kapitawo anayang'ana kumbuyo kwake kaye, kenaka nkhope.

"Mwana mwamupezera malo?"

"Ndamupezera."

Anamuonetsa tebulo lake, mulu wa nsalu zoyala pabedi wofika m'chiuno, ndi simbi yolemera ya chingwe chokhuthala. M'thumba la bulauzi foni ija inayamba kulira. Make Kafupi anaitulutsa, anaona nambala ya mwamuna wake, anachotsa mphira n'kutulutsa batire. Kenaka anayala nsalu yoyamba.