Maluwa a pa Chithunzi cha Ponarasani

Pa sukulu ina ya mishoni kumtunda kwa Dzoole padali kalipentala dzina lake Stefano Mbewe, munthu wa manja abwino koma wa phuma. Akangomva kuti chitseko chako chikuvuta, ankafika ndi nyundo usanamuitane, ndipo nthawi zina ankakonza ndi chimene sichidawonongeke chomwe. Mnzake wa pamtima adali mphunzitsi wa masamu, a Arulapani, Mmwenye wochokera kwa Atamili, amene adakhala pasukulupo zaka zisanu ndi zinayi pamodzi ndi akazi awo, mayi Selivi. Anthu ankadabwa nacho chinzakecho. Wina wa choko, wina wa utuchi, kodi amakambirana chiyani?

Ankakambirana za Ponarasani.

Ponarasaniyo Stefano sadamuonepo, ndipo filimu yake ngakhale imodzi sadaionere. Ankangomudziwira pa chithunzi chimene chinkakhala patebulo m'nyumba mwa aphunzitsiwo: bambo wa tindevu ta pamlomo, nsalu yoyera paphewa, akumwetulira ngati wakupeza ukuba mango koma sakakunenera. Komabe mbiri yake adaidziwa kuposa ya agogo ake omwe. Ana akaweruka, a Arulapani ankabwera ku shedi ya matabwa, n'kukhala pachitsa, n'kuyambapo.

Ankati Ponarasani adali mwana wa mayi wophika mchere m'mbali mwa nyanja. Njala ndiyo idamulowetsa m'gulu la masewero, kumene ntchito yake idali yonyamula nyali. Atayamba kuoneka m'mafilimu ankamupatsa usilikali, ndipo adaphedwa kakhumi n'kasanu asanaloledwe kunena mawu ngakhale amodzi. Atatchuka adakana kukhala mfumu kapena mwini chuma. Ankafuna kukhala woyendetsa ngolo, msodzi, mlimi wolandidwa munda, ndipo amphawi ankatuluka m'nyumba ya kanema atawongola khosi.

"Chaka chimene madzi adasefukira kwathu," ankatero a Arulapani, "adabwera yekha ndi malole a mpunga. Amayi anga adali padenga masiku awiri. Adawatsitsa ndi iyeyo, n'kuwabereka kumsana. Sidali filimu, aMbewe. Panalibe wojambula. Atayambitsa chipani chake, mukuganiza kuti amayi akadavotera ndani?"

"Ndiye kuti munthu wongoyerekezera, anthu n'kumupatsa dziko?"

"Chigawo chathu cha Atamili. Adamusankha katatu."

"Ine ndakhala Mfumu Herode pa sewero la Khirisimasi zaka khumi, koma sadandiikepo ngakhale mukomiti ya chitsime."

"Herode angamusankhe ndani?"

Aphunzitsiwo sankabisa zofooka za munthu wawo. Ankati sankakonda kutsutsidwa, ndipo anzake ena amene adayamba nawo adawataya panjira. Koma nkhani ikafika pa zipani zitatu zolimbirana mpando umodzi, Stefano ankagwira pulena n'kuyamba kupala thabwa mwaphokoso. Masiku amenewo m'dziko muno chipani chidali chimodzi, ndipo ngakhale matabwa ankamva.

Mwezi wa Febuluwale, fodya akuthyoledwa, kudabwera kalata yochokera kwa mchimwene wawo wa a Arulapani. Ponarasani adamwalira. Aphunzitsi amene sadajombepo ngakhale malungo atawagwira adakhala m'nyumba masiku awiri osadya. Tsiku lachitatu adaitana Stefano, maso ali psuu, n'kumupempha felemu ya mlombwa, kuti chithunzicho chichoke patebulo chikakhale pamwamba pa khomo la kuchipinda.

Stefano adaipanga ndi mtima wonse, n'kuikhoma pomwe adamulozera, pafupi ndi denga. Mayi Selivi adathyola maluwa achikasu m'munda mwa masisitere, n'kuwatunga pa ulusi kukhala mkanda wautali, n'kuveka chithunzicho. Stefano adaona kuti n'zokongola. Zidamukumbutsa mkanda umene ana amaveka a Bishopu akabwera kudzapereka sakramenti la Ulimbitso, ndipo sadafunse kanthu.

Chimene sadachite ndicho kuyeza. Pakhoma la kumaso padali chithunzi cha a Pulezidenti, chimene a hedimasitala adagawira nyumba iliyonse ya mphunzitsi. Mwana aliyense ankadziwa kuti palibe chokhala pamwamba pa chithunzi chimenecho, ngakhale wotchi. Kalipentala wa tepi m'thumba adaiwala. Ponarasani adakwera kuposa a Pulezidenti ndi chikhatho chathunthu.

Padapita sabata. Lachinayi m'mawa mkazi wa Stefano, Roza, adabwera kuchokera kuchigayo ali wefuwefu, ufa uli pamutu.

"Abambo a Modesta, zamveka kuchigayo. Akuti Mmwenye ali ndi pulezidenti wakewake, amamuveka maluwa m'mawa uliwonse, wathu ali kunsi wopanda kanthu. A Gideoni akubwera lero ndi anyamata a chipani a malaya ofiira."

A Gideoni Kamtedza adali tcheyamani wa chipani m'deralo. Stefano ankadziwa mathero a nkhani zotere: mlendo amapatsidwa tsiku limodzi kuti alongedze. Adaganiza za chitsa chija chili chopanda munthu, ndipo adaona kuti sangapirire. Aphunzitsi adali m'kalasi. Mayi Selivi adali ku chipatala cha Mtengowanthenga tsiku lachitatu, kudikirira mkazi wa mlonda amene adapita kukachira. Woti amufunse panalibe, ndipo kunena zoona, Stefano sadali munthu wofunsa.

Adatenga makwerero ndi nyundo, n'kudutsa kuseri kwa tchalitchi. Nyumba ya aphunzitsi idali yosakiya monga mwa masiku onse. Adatsitsa Ponarasani n'kumukhomera msomali wina m'munsi, pafupi ndi kalendala. A Pulezidenti adawakweza mpaka felemu kugunda denga. Kenaka adaima pakati pa chipinda, mkanda wa maluwa uli m'manja. Kuutaya? Anthu adanena kale kuti maluwa alipo. Nzeru idamufikira, ndipo adadziyamikira yekha. Adakweranso makwerero, n'kuveka a Pulezidenti mkandawo, n'kuukonza bwino kuti ugwe mofanana mbali zonse.

Adangobisa makwerero kuseri kwa khitchini, alendo n'kutulukira. A Gideoni adali patsogolo, jekete yokhala ndi baji ya chipani, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Pambuyo pawo padali anyamata awiri a malaya ofiira, ndi a Arulapani amene adawatenga m'kalasi choko chili m'manja.

Atalowa, onse adayang'ana kukhoma. Stefano adayang'ana mnzake, kudikira kuti amuthokoze ndi maso. Koma a Arulapani adatuwa ngati phulusa. Adayang'ana pansi.

A Gideoni adapumira m'mwamba. Sadali munthu woipa. Mwana wawo adakhoza masamu m'manja mwa aphunzitsi omwewa, ndipo ulendowu adaubwera mokakamizika.

"Mwaona, anyamata? Anthu a kuno mabodza. Mlendo akulemekeza Mtsogoleri wathu kuposa ife eni dziko. Kwanu mudaikapo duwa inu?" Adaloza chithunzi cha m'munsi. "Nanga awa ndani?"

"Ndi malume awo," adayankha msanga Stefano. "Adatisiya."

"Pepani, aphunzitsi. Zimachitika."

Adakhala pansi, nkhani n'kutembenukira ku mvula ndi mitengo ya fodya. Stefano mtima udali m'malo. Ankangodabwa kuti mnzakeyo bwanji akutuluka thukuta chotere, maso ali kukhomo.

Ndiye padamveka belu la njinga panja. Mayi Selivi adalowa ndi dengu ndi fulasiki, nkhope ili ngwee, kuti anene kuti kwabadwa mwana wamwamuna. Mayi amenewa anthu ankawakonda. Chichewa adachiphunzirira pamtondo ndi pamaliro, ndipo panalibe maliro a m'midzi yozungulira amene sadagoneko. Adagwada kupereka moni kwa a Gideoni, ndipo podzuka maso awo adagwa pakhoma.

Dengu lidagwa. Amuna awo adanena mawu amodzi m'chinenero chawo, koma adachedwa. Mayi Selivi adagwira kumutu monga adawaphunzitsira amayi a ku Dzoole, misozi ili chuchuchu.

"Mayo ine! A Pulezidenti athu amwalira liti? Kuchipatala sitidamve kanthu."

Mmodzi wa anyamata aja adaimirira.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Maluwawo," adatero akusisima, akuyang'ana uyu ndi uyu. "Kwathu chithunzi cha munthu wamoyo sitichiveka maluwa. Timaveka womwalira basi."

Apa mpamene Stefano adamva zonse, ndipo adalakalaka nthaka itang'ambika. Masiku amenewo kungofunsa zaka za a Pulezidenti udali mlandu. Nanga kuwalira maliro ali moyo, pamaso pa tcheyamani?

A Gideoni adavula chipewa, n'kuchivalanso. Akadakhala okha, bwenzi atatseka makutu n'kumwa tiyi. Koma anyamata awiri aja ankawayang'ana, ndipo a Gideoniwo adali ndi ana ndi munda wa fodya. Adafunsa ndi mawu otsika, osayang'ana munthu.

"Adaika maluwawa ndani?"

Nyundo idali m'thumba la ovolosi ya Stefano, mpini uli panja. Adamva kuti aliyense akuiona. Adakonza kukhosi kuti ayankhule, koma a Arulapani adaima patsogolo pake.

"Ndine. Nyumba ino ndi yanga."

"Mwambo wa kwanuwo mumaudziwa?"

"Ndimaudziwa."

"Ndiye mudaikiranji?"

"Ndidalakwitsa, a tcheyamani. Mkazi wanga kunalibe, ndipo aMbewe angobwera kudzaona chitseko."

Stefano ankadziwa chimene mnzake ankachita. Mlendo amakwezedwa ndege n'kubwerera kwawo. Mwana wa m'mudzi amakwezedwa galimoto n'kupita kumene makalata sachokerako. Adaganiza za Roza ndi ana asanu ndi mmodzi. Adakankhira mpini wa nyundo uja m'kati mwa thumba.

Loweruka kudabwera anthu a boma ndi pepala. Aphunzitsi ndi akazi awo adapatsidwa tsiku limodzi. A hedimasitala, osadziwa kanthu, adatuma Stefano kuti akakhome mabokosi a katundu. Adagwira ntchitoyo misozi ikugwera pamatabwa, misomali ikupindika ngati wayamba dzulo ukalipentala. Mayi Selivi ankakulunga mbale m'manyuzipepala. Chiyambire Lachinayi lija sadayankhulenso Chichewa, poopa kuti pakamwa pawo pangapsetsenso wina.

Atatsala awiri pakhonde, Stefano adagwada.

"Aphunzitsi, ndakuthamangitsani ndine. Ndipite ndikanene."

"Mukanene kuti tichoke tonse awiri? Dzukani, aMbewe, anthu akuona." Adamugwira paphewa. "Zaka zisanu ndi zinayi ndakuuzani zonse za munthu uja, mpaka dzina la amayi ake. Za maluwa zokha ndidaiwala. Inu mudathamanga kudzandipulumutsa. Palibenso wina adathamanga."

"Kuthamanga sikufika."

"Ndi zoona. Koma ine ndidaona."

Lamulungu, Misa itangotha, galimoto ya boma idaima pakhomo. Anthu onse a mishoni adali pomwepo, koma aliyense adapeza chochita. Amayi amene adagona ndi mayi Selivi pamaliro ambirimbiri adalowa m'makhitchini. Aphunzitsi anzawo adatseka makatani. Pamphambano, pansi pa mtengo wa bulugamu, padaima anyamata a malaya ofiira, kuona kuti alire ndani.

Stefano adaima pakhomo pa shedi yake, pamene msewu umadutsa. Adadziuza kuti zivute zitani, akweza dzanja. Galimoto idabwera pang'onopang'ono chifukwa cha matope. A Arulapani adali kuzenera la mbali yake, ndipo atamuona adakweza dzanja lawo n'kuligunditsa pagalasi. Stefano adayang'ana kumphambano. Mmodzi wa anyamata aja adali atamupenyetsetsa. Dzanja lidakhala m'thumba, ndipo galimoto idakhota kulowera ku msewu wa Lilongwe.

Kalata sidabwere, ndipo iye sadalembe, chifukwa makalata a kunja ankayamba awerengedwa ndi ena. Za maluwa zija adamukhululukira pakhonde paja, adamva ndi makutu ake. Koma za dzanja lija adakalamba nazo Stefano, chifukwa woti akamupepese adali atapita.