Maliro a Sabata Loyera

"Lolemba?" Solomoni anabwereza mawuwo ataima pakhomo la siwa. "Amayi, lero ndi Lachisanu. Thupi silingadikire mpaka Lolemba."

Kristina sanamuyang'ane. Anali pansi pafupi ndi bokosi, akuingitsa ntchentche ndi nsonga ya chitenje. Amuna awo, a Gregorio, anamwalira dzulo lake, Lachinayi Loyera, atatumikira ngati katekisiti kumapiri a Chezi zaka makumi atatu. Bambo mfumu anali atatumiza kale yankho: Misa ya maliro siichitika m'masiku amenewa mpaka Pasaka itadutsa. Akafuna kuika mawa, aike ndi mapemphero okha.

"Munthu wagwirira tchalitchi moyo wake wonse, apite opanda Misa ngati wakunja?" anatero Kristina.

"Nanga adaika Pasaka pamenepa ndani? Khirisimasi ili ndi tsiku lake. Iyi chaka chino Epulo, chaka china Malichi, ngati mbuzi yosamanga."

"Imatsata mwezi. Likadutsa tsiku la 21 Malichi, umadikira mwezi ukhale wathunthu. Lamulungu lotsatira ndiye Pasaka. Bambo ako adakuphunzitsa, iwe maganizo ali ku mpira."

"Ndiye mwezi ubwere udzanyamule bokosi."

Sara, mlongo wa malemu, anasendera pafupi nalankhula motsitsa. "Alamu, azimayi ayamba kukhalira panja. Simukumva inu?"

Kristina ankalimva fungolo. Anali atayamba kulimva kuyambira m'mawa, ngakhale mazenera onse anali otsekula. Kuseri kwa chigafa cha fodya adzukulu anakhala pa mipini ya makasu, kudikira mawu.

"Mwana wanga uja tidaika Loweruka Loyera ngati la mawali," Sara anapitiriza. "Ndidalira, kupempha Misa. Achimwene adakana. Adati tsikulo ngakhale Ambuye ali m'manda, ndipo adawaika mofulumira dzuwa lisanalowe."

Kristina anadzuka pogwira khoma, nalowa kuchipinda. Anatuluka ndi kabuku ka mapemphero komangidwa ndi mphira wa njinga.

"Solomoni, kawauze adzukulu akumbe. Mawa uwerenga ndiwe."

"Ine? Sindidziwa n'poyambira pomwe."

Kristina anamasula mphirawo. Kabukuko kanatseguka kokha pa mapemphero oika maliro popanda wansembe. M'munsi mwa tsambalo pepala linali lakuda ndi loperepeseka, pamene chala chachikulu cha a Gregorio chinkagwira.

Anatenga chala cha Solomoni nachiika pomwepo.