Dzina la a January pa Sikirini

...ayi dikira kaye iwe usathamange, sikiriniyo masiku oyamba inkayenda bwinobwino kkkk zinadzavuta Lachinayi.

Jenifer uja wa ku Mbayani, amene akudikira zotsatira za Fomu 4, amathandiza anti ake a Constance pa lesitilanti yawo mtawuni, kuseri kwa msika. Ntchito yake inali kuyima pakauntala nkumalakatula ndiwo. Munthu akalowa, “kuli chani lero?” Iye, “nkhuku ya lokolo, mang'ina, nyemba, chambo, tchipisi.” Wapambuyo pake wamva ndithu ndi makutu ake awiri koma akafika naye, “kuli chani lero?” Eeeh. Ikamakwana 2 koloko mawu atasasa ngati wachokera kochemelera mpira.

Ndiye anawanyengerera anti akewo miyezi iwiri yathunthu kuti agule sikirini yoti makasitomala aziwerenga okha. Anti anagonja, koma chala m'mwamba.

“Sabata imodzi yokha. Ndikangoona kasitomala mmodzi wathawa chifukwa cha chiTV chakochi, chikutsika, ndikachipachika pabalaza ndiziwonerapo makwaya. Iweyo ubwerere kokuwa.”

Anaipachika pamwamba pa kauntala, pamutu penipeni pa Jenifer, yoyang'ana kwa anthu. Mbali ina zithunzi za zakudya ndi mitengo, mbali ina manambala a maoda. Chakudya chikapsa imalira kuti ting! mwini nambala nkudzatenga mbale yake. Kukhitchini kunalinso kasikirini kakang'ono ka a Esnat, amene amaphika. Jenifer ntchito kungodina pa tabuleti ngati wa kubanki.

Koma iwe zinatheka! Anthu ankasankhiratu ali pamzere, mzere nkumayenda fyaa. Anyamata obwera ndi zibwenzi aja, oopa kufunsa mtengo pamaso pa bebi, ankangoponya diso m'mwamba mwakabisira kenako nkulowa chifuwa patsogolo kkkk. Odutsa panjira akaona chithunzi cha mang'ina akunyezimira, mapazi ankakhota okha. Ndiwo zikatha Jenifer ankangozichotsa pa sikirini, zokangana zoti “mesa munati chambo chilipo” zinatha. Mang'ina omwe kale ankatsala, Lachiwiri anatha isanakwane 1. Anti sanayamikire ayi, koma ankaimba chamumtima popukuta matebulo, Jenifer anawamva.

Ndiye Lachinayi a Esnat anasuzumira pawindo lotulutsira mbale, thukuta kamukamu.

“Jeni, nambala 14 ndi ndani? Ndimuikire tsabola kaya ndisamuikire? Manambala sadya iwe. Uzindilembera mayina athu aja ndizidziwiratu mwini mbale.”

Mayina athu aja kkkkk. Paja kukhitchini kasitomala aliyense wa tsiku ndi tsiku ali ndi dzina lake lachinsinsi, lochokera pa kadyedwe kake, odziwa atatu okha: anti, a Esnat ndi Jenifer. Jenifer anapeza pa tabuleti pamalo polemba dzina nkuyamba kulemba. Iye maganizo ake anali oti zikungowoneka kukhitchini. Sikirini yaikulu ili pamutu pake nanga aiwona bwanji?

Ting! NDILI PA DAYETI, tchipisi ndi mapisi awiri a nkhuku, yapsa.

Sisi wina wa pasaluni anadzuka atagwira pakamwa, kuseka mpaka wigi kupendekeka.

Ting! AMALUME CHOTOKOSERA. Awa ndi aja amatapa zotokosera m'mano dzanja lonse nkuika m'thumba la shati.

Ting! KUKUTA MAFUPA.

Lesitilanti yonse phwete. Ndipo anthu a mu Blantyre nkhanza, palibe anamuuza mwana wa eni, aliyense ankangodikira kuti ting yotsatira igwera ndani. Jenifer anadziyang'ana bulauzi, kudzigwira tsitsi, kenako nkumaseka nawo osadziwa chomwe akuseka.

Tsono patebulo la pakona panali a January. Bambo a ku Nsanje, bwana ku ofesi ina ya ku Sunnyside, mkulu wa mpingo, jekete sachotsa ngakhale mu Okutobala. Tsiku lililonse amabwera ndi anthu asanu ndi awiri a kuofesi kwawo, ndipo anthuwo amawaopa, akatsokomola onse amasiya kutafuna. Koma a January ali ndi kachizolowezi. Akadya nkufika pakati, amadzuka ndi mbale, kuyang'ana uku ndi uku, kupita pawindo la a Esnat nkunong'ona timawu tawo.

Ting! TANDIWONJEZERANI KAMSUZI, mang'ina ndi mpunga, yapsa.

Zii. Ngakhale mafoloko anaima. Anthu a kuofesi aja onse maso m'mbale, mmodzi mapewa akugwedezeka, wina madzi anamutulukira m'mphuno. Apa mpamene Jenifer anazindikira kuti anthu onse akuyang'ana pamwamba pa mutu wake. Anatuluka kukauntala, kucheuka, kuwerenga.

A January anadzuka pang'onopang'ono, kumanga batani la jekete, kuyenda mpaka pakauntala. Mbale yawo inali pompo, msuzi tho, pambali kambale kena ka msuzi wapadera, poti a Esnat anali atadziwiratu mwini wake. Anayang'ana mbale, anayang'ana sikirini, anayang'ana Jenifer.

“Walemba ndani?”

“Ndine bambo, pepani, sindimadziwa kuti...”

“Chabwino.”

Basi. Anatenga mbale, kudya osayankhula ndi aliyense, kusamba m'manja nkutuluka, anthu awo pambuyo ngati akuchokera kumaliro.

Anti Constance sanakuwe, bola akanakuwa. Anangoti, “Zaka sikisi bambo amene uja akudya pano. Mawa akapanda kubwera, ukudziwa kale.” Jenifer anabwezeretsa manambala. A Esnat kukhitchini akuti pepa Jeni pepa, koma akupukuta misozi ya kuseka, munthu wamkulu kkkk.

Lachisanu kunadzadza koopsa. Nkhani inali itazungulira m'maofesi. Anthu oti sanapondepo ankalowa nkumafunsa, “ndi kuno mumapatsa anthu mayina?” Sisi wa dayeti uja anabwera ndi anzake atatu nkukana nambala, akuti mundilembe dzina langa lija anzangawa aone. Amalume a zotokosera anabwera atanyamula paketi yawo nkuyiika pakauntala, akuti ndabweza, dzinalo lisinthe. Koma anti maso awo anali patebulo la pakona basi. Lopanda munthu.

12:30, palibe. 12:45, palibe. Anti analowa kustolo nkutuluka ndi sikuludiraiva yotsitsira sikirini, kuyiika pakauntala pafupi ndi tabuleti. Jenifer akulemba maoda koma diso kukhomo. Anayamba kale kuyeserera chamumtima, nkhuku ya lokolo, mang'ina, nyemba...

1:10 jekete ija inatulukira. Pambuyo pake osati anthu seveni, leveni! Mpaka mayi wa pa risepishoni amene amabwera ndi chakudya cha kunyumba.

A January anafika pakauntala nkhope ili gwa.

“Mwana iwe, ukudziwa kuti kuofesi kuyambira dzulo ndikadutsa anthu akumatsokomola dala?”

“Pepani bambo.”

“Ndinakwiya. Ndinawauza mayi akunyumba, ndimayesa andimvera chisoni. Aseka mpaka kukhala pansi, akuti ngakhale paukwati wathu ndinapempha msuzi.” Anakonza tayi. “Komanso dzulo ndi tsiku loyamba kudya pano osadzuka ndi mbale ngati mwana wa sukulu. Ndiye ulembe zomwezija.”

Jenifer anayang'ana anti ake. Anti anayang'ana kudenga.

“Koma pali chimodzi,” a January analoza gulu lawo ndi chala chachikulu. “Awa akhala akudya pano limodzi ndi ine. Musandinamize kuti alibe mayina. Lero ndikufuna ndiwaone onse pamwambapo, mmodzimmodzi. Ndisasekedwe ndekha.”

Iweee chipwirikiti! “Ayi bwana ine nambala ili bho!” “Bwana ine sindili ndi njala!” A Esnat mutu pawindo, “Alipo bambo, onse alipo, ena awiriawiri!”

Ting! NDILAWEKO KAYE. Ting! THEKA NDIKADYERE KUNYUMBA. Ting! KABICHI AYI NDINE MWAMUNA. A January anakhala pakona paja manja pamimba, ting iliyonse akuseka mpaka kuchotsa magalasi, anthu awo akuti sanawaonepo mano chiyambire ntchito.

Anti Constance anatenga sikuludiraiva ija mwakachetechete nkukaibweza kustolo. Pobwera anamugunda Jenifer ndi chigongono.

“Chikhale. Koma dzina uzilemba la amene wafuna yekha, enawo manambala. Ndipo uzikaima uko kaye uziwerenga zomwe walemba, wamva?”

“Ndamva anti.”

“Mawa ujambulenso nyemba zija, pachithunzicho zikuoneka ngati za kundende.”

Ataweruka, ali mu minibasi yopita ku Mbayani, Jenifer anamutumizira mnzake wa kusukulu Angel nkhani yonse, mavoisi noti asanu, akuseka yekha mpaka kondakitala kumucheukira. Angel anayankha pompo:

“kkkkk Jeni wandipha!! mawa ndikubwera ndi Godfrey adzandigulire tchipisi, koma ngati a Esnat anamupatsa kale dzina undiuziretu pano pano, ndisakamve pa sikirini kuti amabwera ndi wina”